Mliri Sunayambire m'Khola la aNakalulu

Malemu anabadwa pa 9 Marichi 1961, oyamba m'banja la ana awiri. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mwana wawo wachisamba. Makolo awo anamwalira iwo ali Fomu 2, ndipo anasiya sukulu kuti alere mlongo wawo wamng'ono, amene ife timawaitana kuti amalume. Anawalera ndi kuwaphunzitsa mpaka amalume anatsegula butchala yawoyawo.

Mu 1984 anakwatiwa ndi bambo athu, amene anali kalipentala. Bambo ndi amene anawakhomera khola loyamba la akalulu kuseri kwa nyumba, la miyendo italiitali, pansi pake waya. Bambo atatisiya mu 2003, makolawo ndiwo anatilera. Anthu anawapatsa dzina loti aNakalulu, ndipo iwo ankalikonda. Ankatiseka kuti ana awo omvera ndi a m'khola, poti sapempha nsapato. Mu 2010 anayambitsa gulu la amayi oweta akalulu, ndipo aliyense wofuna mbewu yabwino ankabwereka kalulu wamphongo kwa iwo kwaulere.

Mu Meyi 2023 amalume anafika pagalimoto atanyamula akalulu m'makatoni. Anati, "Achemwali, mundisungireko, ndikukonza denga la khola." Malemu sanafunse zambiri. Mwana amene unamulera wekha sumufunsa mafunso. Posakhalitsa akalulu anayamba kufa. Kalulu wadya bwinobwino m'mawa, masana wagwa, magazi ali m'mphuno. M'masiku amenewo amphongo obwereketsa aja ankapitabe m'makomo mwa anzawo, ndipo mliri unapita nawo. Makola a amayi ambiri anatsala pululu.

Mu Julayi alimi anaitanitsa msonkhano. Ena mwa inu munalipo. Amalume anaimirira nati, "Ine ndinawapatsa akalulu amoyo. Achemwali akula, kusamala khola kukuwavuta." Tsiku lomwelo malemu anachotsedwa m'gulu limene anayambitsa okha. Alangizi a ziweto anapha akalulu otsala ndi kuwotcha makola amene bambo anakhoma. Amayi anaonerera ali pakhonde, osagwetsa msozi. Kuyambira pamenepo anthu ankawalambalala mumsewu ngati mliri uli pa zovala zawo.

Dokotala wa ziweto, mayi amene akhala kumbuyo uko, sanakhutire. Anatenga ziwindi za akalulu akufa m'makola osiyanasiyana, komanso nyama ya m'mafiriji a m'mabutchala, n'kuzitumiza ku labotale. Anatifotokozera kuti kachilombo koyambitsa mliriwu kakamachoka khola lina kupita lina kamasintha pang'ono, koma nkhope ya kholo lake sikaitaya. Akatswiri akawerenga chibadwa chake amadziwa kuti uyu ndi kholo, uyu ndi mwana.

Mu Januwale 2024 zotsatira zinabwera. Kachilombo ka m'khola la malemu kanali mwana chabe. Kholo linapezeka mufiriji ya amalume, m'nyama imene anaisunga makatoni aja asanafike kwathu. Amalume anali atagula akalulu kunja kwa dziko mozemba. Atayamba kufa, anasenda akufawo n'kuwaika mufiriji, otsalawo n'kukawabisa kwa mlongo wawo.

Dokotala atamaliza kufotokoza, malemu anangoti, "Ndiye kuti ankadziwa." Amayi a gulu anabwera, anagwada pabalaza, ndipo malemu anawadzutsa mmodzimmodzi. Amalume sanabwere. Foni yawo inkangoitana.

Malemu anali atayamba kale kuvutika ndi kuthamanga kwa magazi. Mu Ogasiti anachita sitiroko ndipo anagonekedwa m'chipatala. Pakamwa panakana, koma chitseko cha wodi chikatseguka ankatembenuza mutu kuti aone walowa ndani. Tonse tinkadziwa amene akumuyembekezera. Anatisiya pa 2 Novembala 2024. Kachilombo kaja sikagwira anthu, dokotala wa ziweto uja anatiuza, ndiye sitinganene kuti ndiko kanawapha.

Malemu asiya ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri ndi mlongo mmodzi. Tikuthokoza anamwino amene ankawatembenuza ndi kuwasambitsa. Tikuthokoza dokotala wa ziweto, amene anayeretsa dzina la amayi iwo akadali ndi makutu oti amve. Tikuthokoza amayi a gulu, amene akhala nafe kuyambira tsiku la zovutazi, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzalira nafe.

Amalume, taona kuti lero mwabwera. Mpando wanu ndi umenewo, palibe akuthamangitseni, poti amayi sakanalola. Munatuma munthu kudzapempha mpata woti muyankhulepo m'malo mwa banja. Banja lakana. Amene ankafuna kumva mawu anu ndi amene agona apawa.

Amayi, aNakalulu, mlandu suli pa inu. Mzimu wanu uuse mumtendere.