Mdzukulu Wanga Ankadziwa Boma la Eni Ake

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni. Ndamva ena akufotokoza kuti mdzukulu wanga Tiyamike analowa koleji chifukwa ine ndili ndi mnzanga ku ofesi. Zimenezo si zoona, ndipo ndiyenera kuzikonza, pakuti ulemerero wa Mulungu sungaperekedwe kwa mnzanga amene kulibe.

Tiyamike anabadwira kuno ku Mchinji, koma anakulira ku Chipata kumene mayi ake amachita malonda, ndipo sukulu yonse anaphunzira komweko. Atabwerera kwathu, koleji ina ya aphunzitsi inamuitana ku mayeso olowera. Anatiuza kuti gawo lina lidzakhala la unzika ndi kayendetsedwe ka boma, ndipo wolephera gawo limenelo malo ake adzapatsidwa kwa wina.

Ndinamuyesa pakhonde. "Pa mbendera ya dziko lathu pali chiyani?"

"Nkhwazi, agogo," anayankha mosakayika konse.

Nditafunsa za zigawo za dziko, ananditchulira za Zambia, osaphonya ngakhale chimodzi. Mwana wanzeru ndithu, koma boma limene ankalidziwa linali la eni ake.

Ndinatsimikiza kumuphunzitsa ndekha, koma m'masiku omwewo ndinadwala pakhosi ndipo mawu anatsekeka. Ine amene ndakhala ndikuwongola kalankhulidwe ka anthu moyo wanga wonse, ndinkangoloza ndi chala. Tiyamike anayamba kunena zobwerera ku Chipata kukathandiza kugulitsa kaunjika. Ndinapemphera chamumtima, poti pakamwa panali patakana.

Yankho linabwera ndi sikelo. Mayi Nachisale, amene amagula mtedza m'midzi muno, anapeza mwanayo akulira pa bukhu. Sindinkadziwa kuti mayiwa anagwirapo ntchito yophunzitsa anthu za kavotedwe nthawi ya zisankho.

"Bambo, boma saliphunzirira pakhonde," anatero. "Ndibwerekeni mwanayu."

Anapita naye ku Boma. Anamukhazika pa benchi yakumbuyo m'bwalo la milandu kuti aone mmene mlandu umazengedwera. Tsiku lina anakamvera makhansala akukangana za mlatho. Akabwerako, Tiyamike ankandifotokozera zonse, ine n'kumavomera kapena kukana ndi mutu.

Atatuluka m'mayeso anandiimbira foni akuseka: "Agogo, afunsa zimene ndinaziona ndi maso angawa!" Dzina lake litatuluka pakati pa osankhidwa, ndinafuula aleluya ndi mawu osasa, mpaka oyandikana nafe anathamangira kuno poganiza kuti kwagwa zovuta. Ambuye alemekezeke! Inu amene ana anu aima pakhomo lotseka, musaleke kupemphera, ndipo musanyoze munthu amene wabwera kudzagula mtedza.

Kwa ofunsa kuti zinatidyera chiyani, nazi: ndalama za minibasi yopita ku Boma ndi kubwerako, thumba la mtedza limene Mayi Nachisale analandira titachita kuwakakamiza, uchi ndi mandimu a pakhosi panga, ndi nsapato za Tiyamike zimene zinatha chidendene.