Mankhwala a Suwi

Mayi Mulipa, othyola tiyi ku esiteti, ankadikira kabaza pa Khonjeni, kamtsikana kali pambali pawo. Bambo wina wachikulire anaona kapepala ka mapiritsi m'manja mwawo.

"Mwanayu wadwala, mayi?"

"Ali ndi khunyu, bambo. Mwezi ndi mwezi timakatenga mankhwala. Chaka chino sanagwepo."

"Ndi mzime wanu?"

"Sindinamubereke ine Suwiyu. Mayi ake atamwalira, achibale anamukana, ati matendawa ngopatsirana. Aboma oona za ana atadzafunsa kutchalitchi kwathu, ndinangoimika dzanja."

"Nanga akapitawo amakulolani kujomba?"

"Poyamba ankakalipa. Adokotala atawalembera kalata, pano tsiku lakuchipatala amachita kundikumbutsa okha."

"Muli ndi mtima, mayi. Ambirife tikanaopa."

"Nanenso ndinkaopa. Anesi ndiwo anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa kumugoneka cham'mbali akagwa, osamuika supuni m'kamwa. Lero kunali adokotala achilendo, ndiye anafunsa kuti ndine ndani wake. Ndisanatsegule pakamwa, mwanayu anati, 'Lembani kuti amayi anga.'"

"Ndiye analemba?"

"Analemba, bambo."