Ndowa Ziwiri za Mtengo wa Ubale

Kuseri kwa maofesi a unduna woona za ubale ndi mayiko ena kunali kamtengo kamene nduna yathu inabzala pamodzi ndi nduna ya dziko lina logwirizana ndi lathu, atolankhani akujambula mpaka mabatire kutha. Patatha chaka, m'mawa wa tsiku limene kazembe wa dzikolo ankabwera kudzakaona, mkulu wolandira alendo a boma, amene onse ankangomutchula kuti a Ndondomeko, anaima patsogolo pa kamtengoko ndi a Madala osamalira maluwa.

A Ndondomeko mtima unali m'mwamba. Zaka khumi ndi chimodzi anakhala akudikira kuti atumizidwe kukagwira ntchito kunja, ndipo kalata yowatumiza inali patebulo la nduna, yongotsala kusaina. Akazi awo anali atatsanzika kale mzere wonse wa nyumba, ngakhale amene sankalankhulana nawo.

"Madala, mtengowu watani?"

"Wauma, bwana."

"Sunaume."

"Chabwino, bwana." A Madala anagwira kanthambi, kanthambiko n'kutsalira m'manja. "Koma wauma."

"Chikalata chimene boma latulutsa dzulo chikuti mtengo wa ubale ukukula mosangalatsa. Ndalemba ndine. Mukuti boma lanama?"

"Aa, ine boma sindilinena, bwana. Mwina mtengowu sunachiwerenge chikalatacho."

"Madala, ubale wa mayiko awiriwa ndi wakalekale. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Fupa inde, bwana. Uwu ndi mtengo. Onani chiswe chayamba kale kumusi uku."

A Ndondomeko sanafune kuona chiswe. Anamasula tayi pang'ono.

"Munathirira liti komaliza?"

"Komaliza? Sindinayambe n'komwe, bwana."

"Chaka chonse? Inu, wolembedwa ntchito yothirira?"

"Munandipatsa pepala nokha." A Madala anavula chipewa n'kutulutsamo pepala lopindapinda, lofiira ndi thukuta. Analitalikitsa ndi maso n'kuwerenga mawu amodziamodzi. "Mtengowu uzithiriridwa mofanana ndi mayiko onse awiri, ndowa imodzi yathu, ndowa imodzi yawo, pa nthawi imodzi, kuti pasaoneke wopambana mnzake."

A Ndondomeko anawazindikira mawuwo. Tsiku limene anawalemba anapita kunyumba akuimba mluzu, ndipo nduna inawayamikira pagulu. Tsopano ankawamva ngati mlandu ukuwerengedwa kukhoti.

"Ndiye?"

"Ndiye Lolemba lililonse ndimabwera ndi ndowa yathu, bwana, yodzadza bwinobwino. Ndimaima pomwe mwaimapo mpaka naini. Ndowa yawo sibwera. Ndimakathira madziwo pamaluwa a pageti. N'chifukwa chake pageti pakukongola chonchija."

"Osangothira pamtengopa bwanji?"

"Tikanawapambana, bwana."

"Ndani akanadziwa?"

"Mtengo ukanadziwa. Ukanakula ndi madzi athu okha, n'kukhala wa dziko limodzi."

"Osabwera kudzandiuza?"

"Ndinabwera katatu. Munati nkhani ya ndowa ili m'manja mwa komiti ya mayiko awiri."

Zinali zoona. Komitiyo inakumana kawiri kuhotela. Ulendo woyamba inakambirana za amene akhale wapampando, ulendo wachiwiri inakambirana za mpandowo. Za madzi inangomwako a m'mabotolo.

A Ndondomeko anayang'ana wotchi. Panatsala ola limodzi.

"Mvetserani, Madala. Mutu umodzi susenza denga. Kusitolo kuli penti wobiriwira?"

"Alipo, wa zitseko za kuzimbudzi."

"Mupake mtengowu."

"Thunthu lobiriwira, bwana? Mtengo umabiriwira masamba."

"Ndiye thyolani masamba kumpanda uko, mumangirire ndi ulusi."

"Ndimangirira, bwana. Koma masamba a kumpanda ndi athu okha. Awo abwera nawo a kazembe?"

"Iwalani za awo."

"Pepala silinaiwale, bwana."

A Ndondomeko anayenda masitepe atatu kupita, atatu kubwera. Anaona m'maganizo akazi awo akumasula masutikesi, amayi a mzere wonse atatsamira pampanda kufunsa ngati kunjako kunali kozizira. Anamva chisoni, kenaka mkwiyo, kenaka chisoni chinanso.

"Chabwino. Zulani uwu, mubzale wina wamoyo. Ku nazale kuli mitengo yambiri."

"Ilipo, bwana. Nduna zifika nthawi yanji?"

"Nduna zanji?"

A Madala anatembenuza pepala lija. "Kuseri kuno mwalemba kuti wobzala mtengo wa ubale ndi nduna ziwiri, zitagwira khasu limodzi."

"Lero nduna ndinu. Mwamva? Ndakusankhani."

"Zikomo kwambiri, bwana." A Madala anavala chipewa n'kukonza kolala. "Ndine yathu kapena yawo?"

"Iliyonse."

"Ndikakhala yawo ndiye kuti ndalowa pageti popanda kulandiridwa. Mukadandiimbira nyimbo ya fuko kaye."

"Ndinu yathu, Madala, yathu."

"Ndiye tidikire yawo."

Munthu akafuna kulira pamaso pa wantchito wake amayamba watsokomola. A Ndondomeko anatsokomola kawiri.

"Dulani," anatero ndi mawu otsika. "Dulani mtengowu, mukaubise kuseri kwa galaja. Ndiwauza a kazembe kuti tautumiza kwa akatswiri akauyeze."

"Sowo ndili nayo. Ndidule theka liti?"

"Theka?"

"Theka ndi lawo, bwana. Lathu ndi lakumwamba kapena lakumusi? Ndingadule dziko la eni ake, mawa mumve kuti a Madala ayambitsa nkhondo."

"Dulani wonse."

"Mulembe kaye, bwana. Za pakamwa zimakanidwa."

A Ndondomeko anali akufufuza cholembera m'thumba pamene foni yawo inalira. Anali mlembi wa kazembe, munthu amene nthawi zonse ankalankhula ngati akuwerenga nkhani pawailesi, koma lero ankanong'ona. A Ndondomeko anatembenuka, dzanja lina atatseka khutu.

"Inde, achimwene... Tikukudikirani ndithu... Mwati chiyani? Wa kwanu uja? Umene nduna yathu inabzala kumeneko?... Liti?... Pepani, pepani kwambiri."

Pakamwa ankapepesa, koma nkhope inayamba kuwala ngati ya munthu amene wapeza makiyi m'thumba lomwe wafufuzamo kasanu.

"Ayi, musaope, a kazembe sachita manyazi. Wathunso... inde, wathunso. Kuuma gwa. Ngakhale tsamba limodzi... Mwatero? Mwezi womwewo? Tilembe choncho basi."

Anatseka foni n'kumangitsanso tayi.

"Madala, siyani sowo. Mtengo umene nduna yathu inabzala kwawo kuja unaumanso. Nawonso ankadikira ndowa yathu. A kazembe sanagone sabata yonse, kuopa kuti apeza wathu uli ndi masamba, dziko lawo lichite manyazi. Anati zikatero sadzapondanso pa unduna uno."

"Ndiye tsopano?"

"Tsopano tafanana. Tilengeza kuti mitengo iwiri ya ubale inauma mwezi umodzi, chizindikiro chakuti mayiko athu amamva ululu pamodzi. Nduna ikamva mawu amenewa isaina kalata yanga lero lomwe. Sesani pamenepo, a kazembe ajambulitse pabwino."

A Madala anagwada n'kuyamba kukokera zinyalala ndi manja. Atafika kuseri kwa kachikwangwani kolembedwa mayina a nduna ziwiri zija, anaima. Anaweramira pafupi, n'kupemerera fumbi pang'onopang'ono.

"Bwana, uthenga wabwino."

"Winanso?"

"Waphukira."

Patsinde penipeni panali mphukira yaitali ngati chala, masamba awiri obiriwira, yoima mwamatama.

"Waphukira bwanji? Mwathirira, eti? Mwandinamiza?"

"Ine ayi, bwana. Ndi kamvula ka sabata yatha kaja. Mvula sidikira komiti."

"Zulani msanga."

"Mwati ndizule? Bwana, m'mawa wonse mwakhala mukufuna masamba. Ndi awa, enieni, opanda ulusi."

"Madala, a kazembe akaona masamba amenewa ubale watha, ulendo wanga wathanso. Zulani."

A Madala anawerenga masambawo ndi chala. "Alipo awiri. Limodzi lathu, limodzi lawo. Lathu ndingathyole, mukalemba. Koma likatsala lawo lokha ndiye kuti atipambana pakhomo pathu pomwe."

Pageti panamveka hutala. Mlonda anali akukankha kale chitseko, galimoto yakuda ya kambendera ikulowa pang'onopang'ono pakati pa maluwa okongola aja. A Ndondomeko anayang'ana galimoto, anayang'ana mphukira, kenaka anasendera n'kuima moitchinga ndi nsapato zonse ziwiri. Anamwetulira kuloza kugeti, dzanja akubayibitsa, koma mawu ankatulukira pakati pa mano.

"Madala, zaka makumi atatu muli pantchito yaboma, kamtengo kamodzi kokha mwalephera kukaumitsa?"