Makina Yogona

Pamzere wa madzi ku Kanyama, mpopi ukungodontha, mayi wina anayamba kudandaulira bambo wosamudziwa.

"Ba khonsolo bakuti nichotse makina yowotcherera mageti panyumba, apo ayi bazatenga. Bana bazadya chani?"

"Pepani, amayi. Muwotcherera pamenepo?"

"Awe! Yamagona chabe, nchito ni kumsika. Wina wa jelasi ananineneza."

"Yamagona?"

"Mufunsa monga wapolisi. Ndimwe bandani?"

"Nidabwa chabe. Makina yogona, koma masana yaliyonse magetsi yachepa mphamvu, fuliji yanga izima. Nsomba zogulitsa zawola kawiri."

"Fuliji yanu? Mukhala kuti imwe?"

"Kuseri kwa mpanda wanu. Ninalowa mwezi watha."

"Kansi ndimwe munanineneza!"

"Sunthani chigubu, amayi. Mzere wayenda."