Mtovu m'Magazi a Eetu

Pasiteji ya basi yoyang'anana ndi fakitale ya zipolopolo, mayi Hilkka anasendera kuti bambo wonyamula makina oyezera mpweya akhale nawo pabenchi.

"Ndinu aja munatseka ng'anjo yawo?"

"Eya, mayi. Utsi wake unachuluka mtovu. Aike kaye zosefera."

"Anakuitanani ndine. Mdzukulu wanga Eetu anamupeza ndi mtovu m'magazi."

"Munamuthandiza mwanayo."

"Kamuuzeni mwana wanga, bambo wake wa Eetuyo. Amagwira ntchito momwemo. Chitsekereni, foni yanga sayankha, Eetu anamuletsa kuponda kwathu. Aneba ngakhale moni akundimana."

"Pepani, mayi. Basi ija ndi iyi, tsogolani."

"Iyayi, kwerani inu bambo. Ine sindikupita kulikonse. Ndimangobwera kuti mwina wina andiyankhuleko."