Ndinkawerengera mwana wanga bayoloje imene ine sindinkaimva

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikukupatsani moni kuchokera kuno ku Thyolo, m'minda ya tiyi. Dzina langa ndine Elube, ndimatchola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Khonjeni. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene mwana wanga Tadala anasiya kuona ali Fomu 4, ndi mmene Mulungu anatidutsitsira pamene ine nzeru zinali zitandithera.

Tadala ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, bambo ake anamwalira iye akuyamwa. Phunziro limene ankalikonda ndi bayoloje, chifukwa ankafuna kudzakhala namwino. Sukulu itangotsegulira mu Seputembala, anayamba kudandaula kuti pa bolodi akungoona utsi. Ine ndinkati mwina ndi fumbi la choko. Mwezi usanathe anali akuyandikiza kope mpaka pamphuno, ndipo tsiku lina ndinamuona akuthira madzi pambali pa kapu, maso ali pomwepo. Ku kiliniki ya pa esiteti anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko adokotala anati ndi ng'ala, maso onse awiri. Anati opaleshoni ilipo koma tidikire, odwala ndi ambiri. Tsiku sanatipatse.

Kusukulu ankapitabe, poti njira mapazi ake ankaidziwa. Maphunziro enawo ankati awagwira ndi makutu, koma bayoloje ili ndi mawu aatali ndi zithunzi zambiri. Aphunzitsi ake anatibwereka buku. Titafika nalo kunyumba anandiika m'manja.

"Amayi, muzindiwerengera inuyo."

Abale anga, ine sukulu ndinalekera Sitandade 6. Chingerezi changa ndi cha pa ntchito basi. Koma mwana akapempha chotere ungakane bwanji?

Temu yoyamba inali ya zomera. Ndikaweruka tinkakhala pakhonde dzuwa lisanalowe, ine buku pamiyendo, iye nkhope ili kwa ine. Mawu oti fotosinthesisi anandigwetsa ulesi. Ndinkatchula chilembo chimodzichimodzi, iye n'kumalumikiza yekha m'mutu, kenako n'kundiuza kuti ndi mmene tsamba limadzipangira chakudya ndi dzuwa, madzi ndi mpweya. Ndiye kuti wakhunguyo ndi amene ankaphunzitsa wopenya. Tsamba limodzi la buku linkatitengera madzulo onse, pamene anzake m'kalasi anali atadutsa mitu iwiri. Mayeso otsekera temu aphunzitsi anamuwerengera mafunso, iye n'kumayankha pakamwa. Analephera. Kanali koyamba kulephera bayoloje chiyambire sekondale.

Temu yachiwiri inagwera m'dzinja, nthawi imene tiyi amaphuka usiku ndi usana ndipo otchola sitipuma. Ndinkafika kunyumba nditanyowa, msana ukuwawa, zala zitatupa. Mitu inali ya mtima, magazi ndi impso, zithunzi zokhazokha zokhala ndi timivi.

"Amayi, muviwo ukuloza kuti? Ukulowa kapena ukutuluka?"

Ndinkayang'anitsitsa, osaona kusiyana. Tsiku lina ndinamuuza mopotoza, kumanja ndinati kumanzere. Iye analoweza momwemo, n'kukayankha m'kalasi, anzake anaseka. Sanandiuze ndi ukali. Anangoti, "Musadandaule amayi, tibwereza." Kufatsa kwakeko ndi kumene kunandilasa mtima kuposa akanandikalipira.

Mu Febuluwale tinapitanso ku Blantyre, tinabwerako ndi yankho lomwe lija loti tidikire. Kenako tinafika pa mutu wa zotengera kwa makolo. Poyamba nditawerenga mawu oti jini ndinadzidzimuka, ndimati sukulu yayamba kuphunzitsa za majini. Tadala anaseka, n'kundilongosolera kuti ndi tinthu timene mwana amatenga kwa bambo ndi mayi, monga khungu, msinkhu, ngakhale matenda ena. Atangoti matenda, ine ndinakumbukira kwathu. Amayi anga anamwalira ku Changata ali osaona. Ndinati m'mtima, ndiye kuti ndine ndamupatsira mwanayu. Ndinatseka bukulo, ndipo sabata yonse sindinalitsegulenso. Tadala atazindikira kuti ndasiya kumuwerengera, nayenso anasiya kupita kusukulu. Ankangokhala pamphasa, nkhope kukhoma.

Kupemphera ndinkapemphera, koma mawu anali atatha. Tsiku lina pakati pa mizere ya tiyi, dengu lili kumsana, ndinangoima n'kulankhula m'Chilomwe, chinenero chimene amayi anga ankapemphera nacho. Ndinati, Ambuye, maso oti ndimupatse ndilibe, nzeru zoti ndimuphunzitse ndilibe, ndatopa. Sindinamve kanthu. Mvula inkangogwa.

M'mawa mwake ndinakulunga bukulo m'jumbo kuti ndikaweruka ndikabweze kwa aphunzitsi. Pa sikelo, pamene timayezetsa masamba, panali akalaliki athu mayi Gondwe, ochokera ku Rumphi. Tonse tinkawaopa, chifukwa akapeza masamba okhwima m'dengu ankakubweza osayang'ana nkhope. Pokhuthula dengu jumbo ija inagwa, buku n'kutulukira. Analitola.

"Bayoloje ya Fomu 4? Ndi la ndani bukuli, mayi?"

Ndinafuna kuyankha, m'malo mwake ndinalira pamaso pa mzere wonse. Anandiuza kuti ndiime pambali. Atamaliza kuyeza anandimvetsera nkhani yonse osandidula, kenako anati, "Bukuli musabweze. Loweruka ndibwera."

Sindinkadziwa kuti mayiwa anaphunzirapo unamwino zaka ziwiri, n'kusiyira panjira pokasamalira makolo awo odwala. Loweruka anafikadi pa kabaza, atanyamula mtima wa mbuzi umene anagula ku Khonjeni. Anaung'amba ndi mpeni pa mbale, anagwira chala cha Tadala n'kumachilowetsa m'zipinda zinayi za mtimawo, uku akumuuza kumene magazi amalowera ndi kumene amatulukira. Ndinaona mwana wanga akuwongoka pamphasa paja.

"Madamu, ndiye mbali iyi ndi yochindikala chifukwa imakankha magazi thupi lonse?"

"Eya. Wamva kale iwe."

Loweruka lotsatira anabweretsa impso. Zithunzi zina ankazipanga ndi ulusi womata pa katoni kuti Tadala azipapasa. Mitu yonse, kuyambira ya zomera ija, anaiwerenga n'kujambula mawu awo mu foni, mwana n'kumamvera pamene ine ndili kumunda. Tsiku lina ndikuwaperekeza ndinawaululira za amayi anga ndi mlandu umene ndinkadziimba. Anaima panjira.

"Mayi, kaya zinachokera kwa agogo ake, kaya ayi, palibe kholo limasankha choti lipatsire mwana. Limenelo si tchimo lanu. Lisiyeni."

Tadala anabwerera kusukulu. Mu Meyi, chiperoni chitakuta minda yonse, foni inalira kuti tipite kuchipatala. Anamuchita opaleshoni diso limodzi. Atamumasula bandeji, Tadala anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi, mwaonda." Ndinagwada pansi m'chipinda cha odwala momwemo, osasamala kuti ndani akuona.

Mayeso analemba ndi diso limodzilo, pa mapepala a zilembo zikuluzikulu. Zotsatira zitatuluka anali atakhoza, ndipo bayoloje ndi imene anakhoza bwino kuposa onse. Diso linalo anamuchita pambuyo pake. Panopa watumiza makalata ku sukulu za unamwino, tikudikira yankho, ndipo kudikira kwa ulendo uno sikukundiopsa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wotopa. Ndikuthokoza mayi Gondwe, aphunzitsi amene anatibwereka buku, ndi madokotala amene sindikuwadziwa n'komwe mayina. Inu amene mwasenza chinthu choposa msinkhu wanu, kaya ndi matenda a mwana, kaya ndi ntchito imene simukuitha, musagwe mphwayi, ndipo musabise misozi yanu kwa anthu. Ine ndinkayembekezera thandizo lochokera kutali, pamene Mulungu anali ataliika kale pa sikelo, mwa munthu amene tsiku lililonse ndinkamudutsa nditazyolika ndi mantha. Ambuye akusungeni nonse.