Zitsa Pabwalo la Mayi Magret Longwe

Malemu Mayi Magret Longwe anabadwa pa 14 Malichi 1951 ku Usisya. Sukulu anayambira kwawo komweko, ndipo mu 1972 anatsiriza maphunziro a uphunzitsi. Mu 1974 anamanga banja ndi Bambo Wilson Longwe, kalaliki wa padoko, nakhazikika kumtunda kwa msika kuno ku Boma. Anaphunzitsa ana athu mpaka kupuma ntchito mu 2006.

Bambo Longwe atatisiya mu 1998, Mayi anayamba kubzala mitengo ya maluwa pabwalo pawo. Sinali ya zipatso kapena ya nkhuni ayi. Inali ing'onoing'ono, yolekeza padenga, ndipo anaisankha mwaluso kuti pakhomo pasamasowe duwa chaka chonse. Ina inkatulutsa maluwa oyera onunkhira mu Okutobala, kukutentha. Ina inkafiira mvula ikagwa, ndipo wachikasu wa pageti unkadikira mwera wa mu Juni. Ankathirira okha, kutengulira okha, mawondo akuwawa. Ambiri mwakhala panonu munajambulitsa zithunzi za ukwati wanu pansi pa mitengo imeneyo, ndipo sanakubwezenipo.

Mu Meyi chaka chino anadwala mtima, nagonekedwa kuchipatala ku Mzuzu. Ali chigonere, mlamu wawo, Bambo Reuben Longwe, eni maminibasi, anatuma anthu ndi nkhwangwa kuti agwetse mitengo yonse. Ati bwalo ndi la malemu akulu awo, ndipo magalimoto awo akusowa pogona. Sanafunse mwini wake. Sanafunse ana. Ngakhale foni sanaimbe, chonsecho maminibasi awo amapita ku Mzuzu tsiku ndi tsiku.

Mayi anatuluka m'chipatala mu Julayi akuyenda okha, akuseka, akufunsa ngati wachikasu uja udakali ndi maluwa. Atafika pageti anapeza zitsa, matayala akutha ndi dothi lakuda ndi oyilo. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana zitsazo. Kuyambira pamenepo pakhonde sanakhaleponso, katani ya kuchipinda sanatsegulenso, ndipo chakudya ankangochiyang'ana. Anatisiya pa 9 Ogasiti.

Madokotala akuti ndi mtima, ndipo sitikutsutsa. Koma ife tikudziwa chimene chinauswa mtimawo, ndipo sitibisa chifukwa choti pano ndi pamaliro. Banja lagwirizana kuti nkhata ya maluwa apulasitiki imene Bambo Reuben atumiza ibwerere kwawo, siikafika pamanda. Maminibasi aja tikawapeze atachoka pabwalo pamene tikuchokera kumanda.

Malemu asiya ana atatu, Millicent, Richard ndi Lusungu, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza amayi a mpingo a Umanyano, anamwino amene anawasamalira, aphunzitsi anzawo, ndi adzukulu amene akonza nyumba yawo yomaliza. Amene sitinawatchule akudziwa okha chifukwa chake.

Mayi athu akapume mumtendere, kumene kulibe wowalanda chawo.